Ndowa ya Penti Wotuwa

Anandituma m'mamawa wa Lachiwiri,
ndowa ya penti wotuwa kudzanja,
chikalata cha khonsolo ya Marseille m'thumba:
khoma la kuseri kwa msika wa Noailles, lifufutidwe.
Ntchito yanga ndi imeneyo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndakhala ndikutseka makoma pakamwa,
ndipo palibe linandiyankhapo.

Ili linandiyang'ana.

Pamwamba, pafupi ndi paipi yodontha,
Mayi Araksi akukanda ufa wa buledi,
mikono mbuu mpaka m'zigongono.
Makolo awo anatsika sitima padoko lomweli
atafumbata kiyi wa nyumba imene inapsa kale.
Wojambula waupachika kiyiyo m'khosi mwawo,
wamkulu ngati nkhafi.

Mmunsi mwawo Mmadi wa ku zilumba za Komoro,
amene amatsuka mbale mpaka tambala woyamba
mu lesitilanti yomwe sanadyemopo.
Pakhomapa manja ake ndi ouma.
Wavala kofia yopeta ya Lachisanu,
ndipo akuyang'ana kumwera, kumene ndalama zake zimapita.

Ercole msodzi ali pakona,
mano atatu, kuseka ngati alipo onse.
Tinamuika chisanu chathachi.
Bwato lake anagula alendo, amadyeramo nkhono,
koma iye akadali pano, akukoka ukonde
wodzaza nsomba, nsapato imodzi ndi mwezi.

Pali mawu a Chiarabu amene sinditha kuwerenga,
pansi pake ena a Chikriyolo,
wina anawonjezera nambala ya foni,
wina dzina la timu yathu ya mpira,
wina mtima wopendekeka ndi zilembo ziwiri.
Dzanja la mwana wapakati lili ndi zala zisanu ndi chimodzi.
Ana a sukulu amaziwerenga tsiku lililonse,
amaseka tsiku lililonse.

Ndinatsegula ndowa.
Fungo lake linakankha la minti ndi la nsomba zokazinga.

"Uyambire pa ine," anatero mawu kumbuyo kwanga.
Anali Tassadit mwini wake, wa kumapiri a Algeria,
dengu la ndimu pachiuno,
akuloza Tassadit wa pakhoma.
"Kamtsikana kaja kanandinenepetsa.
Kanandipatsanso ndolo zomwe ndinapinyolitsa kalekale.
Kaya kanadziwa bwanji."
Sanaseke. Sanachoke.

Ndinagwada kuti ndiyambire pansi,
kumene nkhope sizifika,
ndipo ndinamupeza:
kamunthu kotalika ngati chikhato changa,
jekete yachikasu, dazi pamutu,
phewa lakumanzere lotsika pang'ono
monga langa chigwereni pamakwerero.
Kanyamula ndowa.
Anandijambula ndisanabwere.
Anandiika pakati pa gogo wa ku Vietnam ndi galu wa miyendo itatu,
ngati kuti nanenso ndine wa mumsewu uno.

Ndine kumene.
Bambo anga anafika kuchokera ku Corsica ndi sutikesi ya katoni.
Ndinaiwala liti?

Mlendo ndi amene abwera ndi kalumo kakuthwa, amatero,
koma lero kalumo kanali kwa ine, mwana wa pompano,
ndipo dzanja linkanjenjemera.

Basi nambala yanga inadutsa kawiri.
Dzuwa linakwera mpaka pa kiyi wa Mayi Araksi.

Kenako ndinaviika nsonga ya burashi,
ndinakwera masitepe atatu,
ndinafika pamutu pa Ercole.
Wojambula anamusiyira tsitsi lakuda bii,
pomwe tonse tikudziwa anafa ndi imvi.
Ndinamubwezera imvi zake, imodzi imodzi.
Nkhunda ya paphewa pake ndinaipaka mapiko.
Tassadit anati, "Kumanzereko wasiyako,"
ndinakonza.

Pachikalata ndinalemba kuti penti wagwiritsidwa ntchito.
Silinali bodza.

Lachinayi mwina atuma wina,
wachinyamata, wosayang'ana m'mwamba.
Ndikungopempha kuti ayambire pansi,
agwade kaye,
aone ngati sanamujambule nayenso.